Dulani foniyo kaye, muone balansi

Sabata yathayi anthu atatu afika pa benchi yanga ndi mawu amodzimodzi: "Achimwene, ndalama zanga zangosowa zokha m'foni." Ndikamva mawu amenewa mutu umandiwawa. Ndakhala ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba kwa zaka zambiri pamsika wathu uno, ndipo sindinaonepo ndalama ikutuluka yokha m'foni ngati mbewa ku una. Ndikamukhazika munthuyo pansi n'kumufunsa bwinobwino, timapeza kuti panali foni imene analandira, panali bambo wina wolankhula mwaulemu kwambiri, ndipo zala zimene zinadina pini zinali zake zomwe.

Sindikunyoza oberedwa ayi. Aphunzitsi aberedwa, akuluampingo aberedwa, anzanga maejenti aberedwa fuloti yonse, ndalama zawo zogwirira ntchito, tsiku limodzi. Chimene chanditopetsa n'chakuti njira za akathyaliwa si zatsopano. Ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka, koma tikugwabe m'mbuna yomwe mnzathu anagwamo dzulo tikuona.

Yotchuka ndi ija ya "ndatumiza molakwika". Mumalandira uthenga wofanana ndendende ndi uja umabwera munthu akakutumizirani ndalama. Musanamalize n'kuwerenga komwe, foni yalira. Munthu akulira, akuti inali ndalama ya bokosi la maliro, kapena ya mankhwala a mwana amene ali kuchipatala, chonde bwezani, mutsaleko ndi K5,000 ya mayunitsi. Inu poti munaleredwa bwino, chisoni chakugwirani, mwabweza. Mwabweza chiyani? Palibe chimene chinalowa. Mwatumiza yanu ya fizi.

Uthenga weniweni umabwera m'dzina la kampani. Wabodza umachokera pa nambala wamba yoyamba ndi 099 kapena 088, ngati ya mlamu wanu. Koma ngakhale zimenezo musalimbane nazo, chifukwa maso amanama munthu akakhala ndi phuma. Dulani foniyo. Imbani *211# kapena *444#, muone balansi. Sizitenga mphindi imodzi. Ngati munali ndi K60,000 ndipo ikadali K60,000, nkhani yathera pomwepo. Munthu amene akukuletsani kudula foni, akuti "musadule mayi, ndikuuzani podina," ameneyo ndi wakuba, ngakhale atatchula Mulungu kakhumi.

Nanga ndalama ikakhala kuti yalowadi? Apanso musathamange. Muuzeni aimbire kampani, ndi imene ili ndi njira yobwezera ndalama kumene inachokera. Makamaka akati mubwezere pa nambala ina, yosiyana ndi imene yatumiza, kanani. Nthawi zina ndalamayo imakhala yoba kwa munthu wina, akungofuna idutsire mwa inu kuti mapazi awo afufutike. Apolisi akamadzalondola, nambala yoyamba kuipeza idzakhala yanu.

Za pini sindifuna kutaya nthawi, koma ndinenebe poti tsiku lililonse wina amandipatsa foni n'kundiuza mokweza, mzere wonse ukumva, kuti "pini ndi chaka chobadwa." Chaka chomwecho chalembedwa pa chiphaso cha unzika chimene mwandipatsanso m'manja. Wogwira ntchito kukampani safunsa pini. Ine sindifunsa pini. Wofunsa pini ndi mbava basi.

Koma akathyali ochenjera sakufunsanso pini masiku ano. Amakuyendetsani okha. Akuti mwapata mphoto pa mpikisano umene simunalowe, kapena dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo, kapena nambala yanu itsekedwa lero ngati simuikonza. Ndiye amati dinani chakuti, sankhani nambala yakuti, lembani manambala awa ndi "kodi ya mphoto". Poti zolembedwa pafoni ambiri sitiziwerenga, timangotsatira mawu. Manambala oyambawo ndi a ejenti kapena a foni yawo, achiwiriwo ndi kuchuluka kwa ndalama. Mukadina pini mwatapa ndalama zanu n'kuzipereka kwa munthu amene ali kutali. N'chifukwa chake amayamba akufunsani kuti muli ndi zingati, ati pofuna kuona ngati akaunti yanu ingathe kulandira mphoto.

Pali nkhani imodzi imene imandisowetsa tulo mpaka lero, ndipo ndi imene yandichititsa kulemba izi.

Linali tsiku la msika, nyengo yokolola, anthu atagulitsa soya ndi mtedza. Mzere pa benchi yanga unali wautali. Panafika agogo ena amene ndimawadziwa, amakonda kudzatapa ndalama zimene mwana wawo amatumiza kuchokera ku Joni. Tsiku limenelo sanabwere kudzatapa. Foni inali kukhutu, dzanja linalo likumasula mfundo ya chitenje. Anatulutsa K220,000, ndalama ya soya wa chaka chonse, n'kundiwerengera nambala imene ankauzidwa pafonipo. Ndinawafunsa kuti kwagwanji agogo. Anangoti, "Mwana wanga amugwira, alibe mapepala, akuti tikachedwa amupititsa ku Lindela, kosungira anthu opanda mapepala." Milomo ikunjenjemera.

Ndisanadine pini yanga, dzina la mwini nambala linatuluka, la mzimayi. Ndinawawerengera. Iwo anafunsa pafoni paja, n'kundiyankha kuti ndi mkazi wake wa dalaivala amene amanyamula katundu wa ku Joni, ndiye akaperekeza ndalamayo. Zinamveka. Anthu ambiri kuno amatumizirana ndalama ndi abale awo kudzera mwa madalaivala otere. Kumbuyo anthu ankadandaula kuti ndikuchedwetsa mzere. Ndinadina.

Zizindikiro zonse zinalipo, ndipo ndinkazidziwa. Foni yosadulidwa. Changu. Dzina lachilendo. Pambuyo pake ndinamva kuti anawauzanso kuti asauze aliyense, ati nkhani ikamveka apolisi a kumeneko akweza mtengo. Ndinamvanso mmene anadziwira dzina la mwanayo: sanalidziwe. Anangoyamba ndi kuti, "Mayi, muli ndi mwana ku South Africa?" ndipo agogo okha ndi amene anafuula dzina lake. M'mudzi uti kuno mulibe khomo la mwana amene ali ku Joni? Akaimba manambala makumi awiri, mmodzi agwa basi. Chimene ndikanachita n'chaching'ono: kuwauza kuti agogo dulani kaye, tiyeni timuimbire mwanayo pa WhatsApp yanga. Mphindi ziwiri. Ndinaganiza za mzere ndi kakomishoni kanga.

Anabweranso patatha masiku anayi. Ndipo apa ndi pamene pamandipweteka kwambiri, chifukwa anazindikira kuti aberedwa tsiku lotsatira lomwe, mwana uja ataimba pa foni ya oyandikana nawo, ali bwinobwino, akufunsa ngati soya wagulidwa pa mtengo wabwino. Masiku atatu enawo anapita kuti? Tsiku loyamba anangokhala m'nyumba ndi manyazi, osauza ngakhale mwanayo. Kenako wina anawalozera kwa sing'anga amene amati amabweza katundu wobedwa. Sing'angayo analandira nkhuku ziwiri ndi ndalama, n'kuwauza kuti wakubayo atupa mimba, abweza yekha pasanathe masiku atatu, koma asapite kupolisi chifukwa mankhwala asuluka. Anadikira. Atafika kwa ine tinaimbira kampani, tinapita kupolisi, koma nambala ija inali itazima kale ndipo munalibe kanthu.

Anthu inu, zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndalama yobedwa sigona pa nambala imodzi. Ikangolowa amaigawa pa manambala ena, wina n'kukaitapa kwa ejenti wa boma lina amene sakudziwa kalikonse. Mpata woti kampani iimitse ndalamayo ulipo pokhapokha ikadali m'foni ya wakubayo, ndipo mpata umenewo ndi wa mphindi, si wa masiku. Sindikulonjezani kuti mukafulumira ndiye kuti ibwera. Nthawi zambiri sibwera. Koma amene ndinawaonapo akupezanso ndalama zawo, onse ndi amene anaimba nthawi yomweyo, thukuta lisanaume. Wobwera mawa lake sindinamuonepo akupeza kanthu.

Ndiye mukazindikira kuti mwaberedwa, manyazi muwasiye pakhomo. Imbirani kampani ya foni yanu pompo, kapena thamangirani ku shopu yawo kapena kwa ejenti amene mumamudziwa. Musafufute uthenga uliwonse. Anthu ambiri akapsa mtima amafufuta zonse, ati sakufuna kuzionanso, chonsecho mu uthenga wotsimikiza kutumiza muja muli nambala ya ntchitoyo, nthawi yake ndi dzina la wolandira, zimene kampani ndi apolisi adzafunse poyamba. Sinthani pini. Kenako kupolisi.

Za asing'anga ndinene mosapsatira, ngakhale ena andida. Wakuba wa pafoni simukumudziwa dzina, nkhope kapena mudzi. Amene akuti amutupitsa mimba akungomaliza zimene wakubayo anasiya. Ndi msuweni wake wa uja amati amachulukitsa ndalama, mumupatse K50,000 mawa muipeze ili K500,000 m'chikwama. Munthu wodziwa kuchulukitsa ndalama angamakhale m'kachisakasa kudikira nkhuku zanu? Tsopano kwabukanso asing'anga a mtundu wina, a pa Facebook. Mukangolemba kuti mwaberedwa, amakupezani ku inbox, ati ndi akatswiri a kompyuta, kapena ali ndi m'bale wawo kukampani, angathe kulondola nambalayo n'kubweza ndalama, mungotumiza kaye kangachepe ka "kutsegulira fayilo". Ndinaonapo mnyamata ataberedwa kawiri sabata imodzi mwa njira imeneyi, ndipo sindikukayika kuti wachiwiriyo anali yemwe uja woyamba.

Ena amandifunsa kuti, nanga si manambala onse analembetsedwa? Zoona, kuyambira 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe, ndipo ambiri tinalembetsa ndi chiphaso cha unzika. Ndiye bwanji osangomugwira mwini nambala? Chifukwa mwini nambala pa pepala nthawi zambiri si wakubayo. Ndi mayi wina wa kumudzi amene anabwereketsa chiphaso chake kwa mnyamata wogulitsa masimu khadi, kapena anapatsidwa kandalama ka sopo kuti ajambulitse chiphasocho, ati n'cha kaundula wa thandizo. Nyuzipepala zalembapo kangapo kuti ena mwa oimba mafoniwa amaimba ali m'ndende ya Zomba, akugwiritsa ntchito manambala olembetsedwa m'maina a anthu ena, anzawo akunja ndi amene amakatapa. Dzina la mzimayi lija ndinawawerengera agogo, mwina mwini wake mpaka lero sakudziwa kuti linadyera munthu soya wa chaka chonse. Chiphaso chanu si khasu lobwerekana. Wina akachijambula, funsani kuti chithunzicho chikupita kuti.

Chinanso chachidule: foni yanu ikangotaya netiweki mwadzidzidzi, anzanu a kampani yomweyo ali nayo, musangoti ibwera yokha. N'kutheka kuti wina wakatulutsa simu khadi ina pa nambala yanu. Pitani ku shopu tsiku lomwelo.

Ogula katundu pa Facebook ndi WhatsApp nawo ndawatumizira ndalama zambiri zimene sizinabwerere. Foni yamakono pa theka la mtengo, feteleza wotchipa amene "ali pa galimoto akubwera", malo a ntchito ofuna ndalama ya fomu. Nkhani ya achinyamata opita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel itatchuka mu 2023, pa benchi yanga panadutsa anyamata angapo akutumiza ndalama "zolembetsera" ku manambala a anthu amene sanawaonepo. Onse ankauzidwa chimodzi: malo atsala awiri, tumizani lero. Katundu amene simunamugwire, wogulitsa amene simungamupeze pakhomo kapena pa shopu, mukulipiriratu chifukwa chiyani? Akati wina atenga mukachedwa, musiyeni atenge.

Chichitikireni za agogo aja ndinasintha kagwiridwe ka ntchito. Munthu akafika pa benchi yanga foni ili kukhutu, akufuna kutumiza ndalama, sinditumiza mpaka adule. Ndimafunsa kuti wolandirayo mumamudziwa, munalankhula naye pa nambala yake imene mumaidziwa kale? Ena amapsa mtima. Bambo wina anandiuza kuti ndine ejenti, osati wapolisi, ndalama ndi zake. N'zoona, ndi zake. Ananyamuka n'kupita pa ambulera ya mnzanga patsidya pa msewu, foni ikadali kukhutu, ndipo ndinamuona akuwerenga ndalama.

Agogo aja amabwerabe kudzatapa mwana wawo akatumiza. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Amandipatsa moni, "Mwaswera bwanji mwanangu," n'kundipatsa foni, ndipo pini amadina okha atatembenukira kumbali monga ndinawaphunzitsira. Chaka chimenecho sanagule feteleza.