Kota ya inchi imene imasokoneza chofunda cha zigamba

Telala amene anazolowera kusoka madiresi ndi malaya amasiya nsalu yokwana pafupifupi masentimita 1.5 kuseri kwa msoko, ndipo akaphonya pang'ono chovalacho chimavalikabe. Pa chofunda cholumikiza zigamba, chimene ena amachitcha quilt, zinthu n'zosiyana. Mpata wapakati pa msoko ndi m'mphepete mwa nsalu, umene matelala ambiri timautcha alawansi, umakhala kota ya inchi yokha, kapena kuti mamilimita 6 ndi pang'ono, ndipo uyenera kufanana pa msoko uliwonse.

Chifukwa chake chili m'masamu. Msoko umodzi umadya nsalu ya zigamba ziwiri, choncho mukapitirira ndi milimita imodzi yokha, mwataya mamilimita 2. Mzere wa misoko 20 udzafupika ndi masentimita 4, ndipo mukadzaulumikiza ndi mzere wina wa misoko yochepa, makona sadzakumana. Ambiri zikafika pamenepa amayamba kukoka nsalu kuti ikwane, zimene zimangochititsa chofunda kukhala chokwinyika.

Pali chinthu china chimene osoka atsopano sachiganizira. Mukasita msoko n'kuugonekera mbali imodzi, nsalu imapindika pamwamba pa ulusi, ndipo kupindikako kumadya kansalu pang'ono. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amasoka mochepera pang'ono kota ya inchi, mwina ndi kunenepa kwa ulusi umodzi kapena uwiri. Ulusi wonenepa umadya zambiri, motero ulusi wathonje wa nambala 50 ndi umene umayenera, pamodzi ndi singano ya 80/12 komanso masititchi otalika mamilimita 2.

Musakhulupirire m'mphepete mwa kaphazi kopanikiza nsalu musanayese, ngakhale kaphaziko kanagulitsidwa monga ka kota ya inchi. Dulani timizere titatu ta nsalu, kalikonse kotambalala inchi imodzi ndi theka, tilumikizeni m'litali, kenako sitani. Kapakati kayenera kutsala inchi imodzi ndendende, ndipo tonse titatu tikwane mainchi atatu ndi theka. Tikachepa, msoko wanu walowa kwambiri, tikapitirira, wachepa. Pa makina amagetsi ambiri mungasunthe singano pang'ono kumanja kapena kumanzere. Pa makina opalasa ndi mapazi, monga Singer yakale kapena Butterfly, singano siisuntha, choncho ikani lula pansi pa kaphazi, tsitsani singano ndi dzanja mpaka igunde mzere wa kota ya inchi pa lulayo, ndipo matani tepi yamapepala m'mphepete mwa lulayo. Ine ndimasanjikiza tepiyo kanayi kapena kasanu kuti ikhale kakhoma kotsamirapo nsalu, chifukwa maso amatopa msanga kuposa zala.

Posoka, yang'anani pamene nsalu ikukhudza tepi, osati singano. Misoko yambiri imakhota poyambira ndi pothera, choncho yambirani pa kansanza kenakake musanalowetse zigamba zenizeni, ndipo gwirani nsalu mpaka sititchi yomaliza. Posita, ikani simbi n'kuinyamula m'malo moikhwekhwereza, pakuti nsalu yodulidwa mopingasa imatanuka.

Amene mukugwiritsa ntchito zotsala za zitenje muzichape kaye musanadule, chifukwa sitachi ikachoka nsalu zina zimafupika kuposa zinzake. Ndipo popeza zitenje zimasiyana kukhuthala, bwerezani kuyesa kwa timizere titatu kuja nthawi iliyonse imene mwasintha nsalu kapena ulusi.