Kukakamira pabedi sikubweretsa tulo

Ambiri tinakula tikuuzidwa kuti tulo tikasowa, tingotsinzina n'kugona phee, tibwera tokha. Malangizo amenewa amazunza anthu, makamaka m'nyengo yokonzekera zikondwerero zakumapeto kwa chaka. Nthawi ili 2 koloko usiku, mwagona chagada, mutu ukuwerengera alendo amene akubwera, mphatso zomwe simunagule ndi ndalama zomwe zatsala. Mukasuzumira wotchi, mtima umayamba kugunda kwambiri.

Munthu akakhala ndi nkhawa, thupi limatulutsa mahomoni monga adrenaline ndi cortisol, omwe ntchito yake ndi kutikhalitsa tcheru. Kudzikakamiza kugona kumangowonjezera nkhawayo. Choipa kwambiri n'chakuti ubongo umazolowera: mukamatembenukatembenuka pabedi usiku uliwonse, umayamba kuona bedi ngati malo olingalirira mavuto.

Katswiri wa zamaganizo Richard Bootzin anafotokoza njira ina mu 1972, ndipo madokotala akuigwiritsabe ntchito. Masiku ano amati pakadutsa mphindi pafupifupi 20 tulo tisanabwere, dzukani. Kakhaleni pampando pamalo osawala kwambiri, foni ikhale patali, muwerenge kanthu kopepuka, ndipo mubwerere pabedi zikope zikayamba kulemera. M'mawa dzukani nthawi yanu ya masiku onse, ngakhale munagona mochedwa.

Kwa ine, chothandiza koposa ndi pepala. Madzulo, nthawi yogona isanakwane, lembani zonse zotsala ndi tsiku lomwe mudzazichite. Chimodzi chikakubwererani m'mutu pakati pa usiku, mumadziwa kuti chalembedwa kale. Kusowa tulo kukapitirira miyezi 3, chonde kaonaneni ndi dokotala.