Kaingaroa: nkhalango yomwe inamera pamalo okanidwa ndi ng'ombe

Msipu unalipo wobiriwira bwino, mvula inkagwa yokwanira, koma ng'ombe zinkangowonda. Mlimi ankabwera ndi ziweto zonenepa pamalo okwera athyathyathya a pakati pa chilumba cha kumpoto cha dziko la New Zealand, ndipo pakangotha miyezi ingapo zinkayamba kudya monyinyirika, ubweya n'kunyankhalala, nthiti n'kumawerengeka, mpaka kugwa osadzukanso. Nkhosa ndiye zinkafa msanga. Chomwe chinkaimitsa anthu mitu n'chakuti akazisamutsira kudera lina zisanafooketu, zinkachira popanda mankhwala alionse. Alimi ambiri anagwa ulesi, ndipo dera lonselo linatchuka kuti ndi lopanda ntchito.

Nthaka ya kumeneko si dothi wamba. Ndi timiyala topepuka, tamabowomabowo, toti ukatiponya m'madzi timayandama, tomwe tinakuta dera lonse pamene phiri la Taupo linaphulika zaka pafupifupi 1,800 zapitazo. Katswiri wina wa boma, Bernard Aston, ankakhulupirira kuti chosowa m'nthakayo ndi chitsulo, ndipo ziweto zikapatsidwa ufa wa mwala wina wachitsulo zinkachiradi. Koma ufa wochokera kumigodi ina sunkathandiza, ngakhale chitsulo chinalimo chambiri. Chinsinsi chinaululika chapakati pa zaka za m'ma 1930: chochiritsa sichinali chitsulocho, koma kamchere kena kotchedwa cobalt komwe kankapezeka pang'ono mu ufawo. Popanda cobalt, tizilombo ta m'chifu cha ng'ombe sitingapange vitamini B12. Magalamu mazana ochepa pa hekitala, osakaniza mu feteleza, anali okwanira kuthetsa vuto lomwe linasowetsa anthu mtendere kwa zaka makumi angapo.

Koma madzi akatayika saoleka. Pamene yankho limapezeka, gawo lalikulu la malowo linali litadzala kale ndi mitengo ya paini. Nkhalango ya Kaingaroa, yomwe lero ndi yoposa mahekitala 180,000, ilipo chifukwa yankho limenelo linachedwa ndi zaka khumi zokha. Likanafulumira, bwenzi lero kuli makola a ng'ombe zamkaka, monga zilili m'madera oyandikana nawo.

Mtengo womwe unadzalidwawo nawonso unali mlendo. Dzina lake la sayansi ndi Pinus radiata, ndipo kwawo ndi kochepa modabwitsa: timadera titatu m'mbali mwa nyanja ku California, Año Nuevo, Monterey ndi Cambria, ndi zilumba ziwiri za dziko la Mexico, Guadalupe ndi Cedros. Kwawoko sunkawerengedwa kwenikweni ngati mtengo wa matabwa. Umakonda kukhota, nthambi zake ndi zikuluzikulu, ndipo anthu a ku California anali ndi mitengo ina yoposa iwo kutalitali. Unafika ku New Zealand m'zaka za m'ma 1850, ndipo alimi ankaudzala m'malire mwa minda kuti uzitchinga mphepo. Kumeneko ndi kumene anthu anaona kuti mlendoyu akukula mofulumira kuposa kwawo komwe.

Nthawi imeneyo nkhalango zachilengedwe za dzikolo, za mitengo ya kauri ndi rimu yomwe imatenga zaka mazanamazana kuti ikhwime, zinali zikutha ndi macheka ndi moto. Boma linayamba kuyesa mitengo yachilendo, ndipo oyamba kugwira ntchito yodzala m'derali anali akaidi, omwe anaikidwa kumsasa wa Waiotapu kuyambira 1901. Mu 1913 komiti yofufuza ya boma inaika paini ameneyu pa mndandanda wa mitengo yoyenera kudzala. Kenako kunabwera Leon MacIntosh Ellis, munthu wa ku Canada, mkulu woyamba wa nthambi ya boma yoona za nkhalango, yemwe anachenjeza kuti dzikolo lidzasowa matabwa ake ake likapanda kuchitapo kanthu. Mu 1925 anaika chiwerengero: maekala 300,000 adzalidwe pofika 1935. Chuma cha dziko lonse lapansi chitagwa, amuna osowa ntchito anatumizidwa kumisasa ya m'tchire, kukagona m'matenti m'nyengo yachisanu, aliyense ndi fosholo ndi thumba la mbande. Chiwerengerocho chinakwana nthawi isanafike.

Liwiro limenelo linali ndi kuipa kwake. Njere zinkangotoledwa m'mitengo yotchinga mphepo ija mosasankha, ndipo aliyense amene anakwerapo mtengo akudziwa kuti wosavuta kukwera ndi wanthambi zambiri, womwe wocheka matabwa samaufuna. Mitengo itakula panalibe ndalama kapena anthu oti aipatulire ndi kuidulira. Inangokula mothithikana, yopyapyala, ikulimbirana dzuwa.

Ntchito yopatulirayo inagwiridwa ndi mavu. Sirex noctilio ndi mavu a ku Ulaya omwe wamkazi wake amaboola thunthu la mtengo n'kuikiramo mazira, limodzi ndi mamina akupha komanso bowa wina yemwe amaumitsa thunthulo kuti mphutsi zipeze chakudya. Kutagwa chilala, pakati pa 1946 ndi 1951, mavuwa anachulukana n'kupha pafupifupi mtengo umodzi pa mitengo itatu iliyonse m'nkhalango zothithikanazo. Anthu anaona ngati zonse zathera pomwepo. Koma atayenda m'nkhalangomo patapita nthawi anapeza kuti yambiri yomwe inafa inali yofooka ndi yoponderezedwa, ndipo yotsalayo inapeza mpata wonenepa. Mafakitale akuluakulu a mapepala, ya Kinleith mu 1953 ndi ya Kawerau mu 1955, anatsegulidwa kuti adye mitengo yopulumukayo.

Kwa ine gawo lokoma la mbiriyi ndi lomwe linayamba mu 1953 ku Rotorua, kumalo a boma ofufuzira za nkhalango omwe pambuyo pake anadziwika kuti Scion. Kumeneko Ib Thulin, katswiri wochokera ku Denmark, anayambitsa ntchito yosankha ndi kukweretsa mitengo monga alimi amachitira ndi ng'ombe. Anthu ankayenda masiku ambiri m'nkhalango makosi ali m'mwamba, kufunafuna mtengo umodzi pakati pa zikwizikwi: wowongoka, wosagawikana pansonga, wanthambi zazing'ono, wonenepa kuposa anzake omwe anadzalidwa nawo tsiku limodzi. Akaupeza ankaulemba nambala, wina n'kukwera kukadula timphukira ta kunsonga, tomwe ankatimezanitsa pa mbande zina kunazale. Mitengo yomezanitsayo inkadzalidwa m'munda wapadera, kutali ndi paini wina, kuti izipatsana mungu yokhayokha. Ntchito ya mundawo si matabwa ayi, koma njere basi.

Komabe maonekedwe amanamiza. Mtengo ukhoza kukongola chifukwa unamera pamalo achonde, osati chifukwa cha mtundu wake. Ndiye pamafunika kudzala ana a mtengo uliwonse m'malo osiyanasiyana, kudikira zaka 8 kapena 10, n'kuwayeza mmodzimmodzi. Kholo lomwe ana ake alephera limadulidwa m'munda wa njere, ngakhale likhale lokongola chotani. Pambuyo pake anayamba kusankha ngakhale bambo. Timaluwa tatikazi tisanatseguke amativeka kathumba, n'kupopera mkatimo mungu wa mtengo wodziwika ndi kachipangizo konga jakisoni, ndipo njere zake zimakhwima patatha zaka pafupifupi ziwiri. Poti njere zotere ndi zochepa komanso zodula, mbande imodzi amaichulukitsa poduladula timphukira take n'kutizika. Apa ndiye mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira ntchito yake yonse: wokweretsa chimanga amaona zotsatira chaka chomwecho, pamene wokweretsa paini akaona mibadwo itatu pa moyo wake wonse wantchito ndiye kuti wachita mwayi.

Kuyambira 1987 njere zinayamba kugulitsidwa ndi nambala yotchedwa GF, yosonyeza kakulidwe ndi kawongokedwe ka mitengo yomwe idzamere. Nambala ikakwera, mtengo wa njere nawo umakwera. Paini wa ku Kaingaroa lero amadulidwa ali ndi zaka 25 mpaka 30, ndipo munthu wa ku Monterey atamuona akhoza kukana kuti ndi mbale wa uja wokhota wa kwawo.

Osankhawo anaiwala chinthu chimodzi, kapena tinene kuti anachiika pambuyo: kulimba kwa thabwa. Mtengo wa paini ukakhala wamng'ono umapanga nkhuni yopepuka, yosachedwa kupindika ikamauma, ndipo yolimba imabwera kunja, zaka zikamapita. Mtengo wokula msanga, wodulidwa msanga, gawo lalikulu la thunthu lake limakhala lachibwanalo. Omanga nyumba anayamba kudandaula, ndipo okweretsa anabwerera kukaboola mitengo yawo n'kutulutsa kachidutswa kowonda ngati pensulo kuti ayeze kulemera kwake. Panalinso matenda a masamba a Dothistroma, omwe anafika m'zaka za m'ma 1960 ndipo mpaka pano amawapopera mankhwala a kopa ndi ndege. Matenda omwewo ndi amene anachititsa kuti mayiko a kum'mawa kwa Africa asiye kudzala paini wa mtundu umenewu.

Ndiye pali funso lomwe nthawi yonse yodzalayo silinkafunsidwa mokweza: malowo ndi a yani? Asanakhale "opanda ntchito" m'maso mwa alimi achizungu, anali malo a mafuko a Amaori, anthu oyamba kukhala m'dzikolo, monga Ngāti Manawa, Ngāti Whare ndi Ngāti Tūwharetoa. Boma linawatenga kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kudzera m'khoti la malo lomwe linakhazikitsidwa mu 1865, lomwe linkasandutsa malo a fuko lonse kukhala a anthu owerengeka olembedwa papepala, osavuta kuwagula. Zidzukulu za eni malowo ndi zomwe zinadzakhala odzala, odulira ndi odula mitengo. Mu 1987 boma litathetsa nthambi yake ya nkhalango, ntchito zambiri zinatha nthawi imodzi, ndipo midzi ngati Murupara inamva kuwawa kwambiri.

Boma litafuna kugulitsa nkhalangozo, Amaori anapita kukhoti. Zotsatira zake linali lamulo la 1989, lomwe linalekanitsa mitengo ndi nthaka: makampani agule ufulu wodula ndi kudzala, koma nthaka isagulitsidwe, ndipo lendi yake isungidwe padera mpaka eni ake adziwike. Ndalamazo zinaunjikana kwa zaka pafupifupi 20. Mu 2008 panasainidwa mgwirizano womwe unabweza mahekitala pafupifupi 176,000 ku gulu la mafuko a m'derali, limodzi ndi lendi yoposa madola a New Zealand 200 miliyoni. Mitengo inakhalabe ya makampani. Ntchito yogawana malire pakati pa mafukowo, kuti phiri ili ndi la yani ndipo mtsinje uwo unali wa makolo a yani, inakhala yovuta kuposa kukambirana ndi boma.

Kwawo ku California, paini ameneyu ali pa mndandanda wa mitengo yomwe ili pangozi yotheratu. Nyumba zadya malo ake, ndipo matenda otulutsa utomoni omwe anapezeka kumeneko mu 1986 apha mitengo yambiri. Pachilumba cha Guadalupe mbuzi zomwe amalinyero anasiya zinkadya mbande iliyonse yomera, mpaka panatsala mitengo yokalamba mazana ochepa okha. Mitengo yachilumbayo ndi yomwe inapezeka kuti ili ndi nkhuni yolemera komanso mathunthu owongoka, zomwe okweretsa a ku Rotorua ankazisowa, ndipo njere zake zinatengedwa kukadzalidwa m'minda yoyesera ku New Zealand ndi ku Australia. Mbuzi zomaliza zinachotsedwa pachilumbacho chakuma 2007, ndipo pansi pa mitengo yokalamba ija payambanso kumera mbande.