Mphamvu zotsekera malo anu odyera wazitenga kuti?

Mayi wina anabwera kuofesi kwanga atanyamula kalata yotseka malo ake odyera. Anali wokwiya kwambiri. "Ine ndinavotera khansala," iye anatero, "nanga mnyamata wa zaumoyoyu anamusankha ndani kuti anditsekere?" Funsoli ndi labwino, ndipo anthu ambiri amangolisunga mumtima.

Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 limapereka mphamvu kwa khonsolo, kutanthauza msonkhano wa mamembala ake onse atakhala pamodzi. Koma khonsolo siingamakumane m'mawa uliwonse kuti ivomereze pulani ya nyumba ya munthu ku Area 25 kapena kudula tikiti ya wogulitsa tomato ku Limbe. N'chifukwa chake lamulo lomwelo limailola kutuma komiti, monga ya zachuma kapena ya zaumoyo, kapenanso wogwira ntchito wake, kuti achite zina m'malo mwake. Mkulu wa ogwira ntchitowa m'maboma ndi bwanamkubwa, DC, pomwe m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ndi mkulu woyendetsa khonsolo.

Kumudzi timazidziwa kale izi. Mfumu ikatuma nduna kukaona malire a munda, ndunayo imayankhula ndi mawu a mfumu, koma ufumu sunasamuke. Mfumu ikhoza kuiitana n'kuilanda ntchitoyo, ndipo ndunayo ikaonjeza zake, mlandu umafika pakhonde pa mfumu. Ndi momwemonso kukhonsolo. Wa zaumoyo uja akatseka malo motsata zimene anapatsidwa, m'maso mwa lamulo watseka ndi khonsolo. Mukafuna kusuma, mumasumira khonsoloyo.

Pali mphamvu zina zimene khonsolo siiloledwa kupatsa wina: kukhazikitsa malamulo ake aang'onoang'ono, kuika msonkho wa nyumba ndi malo, ndi kutenga ngongole. Zimenezi zimakhudza thumba ndi ufulu wa aliyense, choncho ziyenera kudutsa pamaso pa anthu amene mungathe kuwachotsa ndi voti. Wotolera ndalama pamsika amatolera zimene zinavomerezedwa, basi. Alibe mphamvu yodzuka n'kukweza mtengo wa tikiti.

Chimene chimasokonekera kawirikawiri ndi ichi: wotumidwa saloledwa kutumanso wina mwa iye yekha, pokhapokha ngati lamulo kapena amene anamutuma walola. Ndaonapo makalata olanda malo osainidwa ndi munthu amene anangouzidwa pakamwa kuti "tandisainireni, ndili pa ulendo." Kalata yotere, ngakhale ikhale ndi chidindo chokongola, ikhoza kugwa m'khoti.

Zimandipweteka kuti chizolowezi chofunsa chinafooka pakati pathu, koma ndikudziwa kumene chinafookera. Makhansala amene tinasankha mu 2000 anatha nthawi yawo mu 2005, ndipo dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha mu 2014. Zaka zonsezo otumidwa ankagwira ntchito popanda owatuma. Komanso kusintha kwa lamulo kwa mu 2010 kunapereka kwa nduna ya maboma aang'ono mphamvu yosankha ma DC ndi akuluakulu a makhonsolo, moti wogwira ntchitoyo amayang'ana ku Capital Hill kuposa kwa makhansala amene amayenera kumuyang'anira.

Mayi uja ndinamuuza kuti abwerere akafunse zinthu ziwiri mwaulemu: lamulo limene waphwanya ndi liti, ndipo amene anasaina anapatsidwa mphamvuzo ndi ndani. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wouzidwa zifukwa molemba pamene ganizo la ofesi ya boma lakhudza ufulu wake. Akakana kuyankha, pali ofesi ya Ombudsman, imene salipiritsa, palinso bwalo lalikulu la milandu. Koma ndinamuchenjeza kuti ngati mphamvuzo zinaperekedwa bwino ndipo kukhitchini kwake kunalidi uve, khansala wake sangamutsegulire ndi foni, chifukwa khansala mmodzi payekha si khonsolo.