Windows ndi Office zakale: laisensi yake ndi ya ndani?

Chiyambireni kuika Windows 11 ndi Microsoft 365 (Office yatsopano, ya Word ndi Excel) m'makompyuta a muofesi muno, pakhomo la ofesi ya zamakompyuta sipakutha anthu. Wina wabwera ndi flash m'manja, wina wanyamula laputopu ya mwana wake. Mafunso amene akubwerabwera ndi awa.

Tinasinthiranji?

Microsoft inasiya kukonza ndi kuteteza Windows 10, Office 2016 ndi Office 2019 pa 14 Okutobala 2025.

Tinalipira ndalama, ndiye pulogalamuyo si yathu?

Chimene chimagulidwa ndi laisensi, chilolezo chogwiritsa ntchito. Mwini pulogalamu amakhalabe Microsoft, ndipo malire ake ali m'mapangano aja timavomereza osawerenga.

Windows 10 ya pa kompyuta yanga yangotsala. Ndingatenge kiyi yake, nambala ija yotsimikizira laisensi?

Siinatsale ayi. Laisensi yomweyo ndi imene ikuyendetsa Windows 11 pano, sizinakhale ziwiri. Komanso kompyuta ikabwera ndi Windows kuchokera kufakitale, kiyi imakhala yolembedwa mkati mwa motherboard. Laisensi yotere imafera limodzi ndi makinawo.

Nanga Office 2016? Poti tasamukira ku Microsoft 365, ndingakaiike pa laputopu yanga kunyumba?

Funso ili ndi limene lautsa mapokoso, ndipo yankho lake si limodzi. N'zoona kuti Microsoft 365 ndi yolipira pamwezi kapena pachaka, ndipo kuiyamba sikupha laisensi ya Office 2016 imene inagulidwa kamodzi n'kutha. Apo amene akutsutsa sakunama. Koma kukhalapo kwa laisensi sikutanthauza kuti ndi yanu. Zambiri mwa zathu zinagulidwa pamodzi m'dzina la bungwe, ndipo mapangano ake salola kuti wantchito aike pa makina akeake. Zina zinagulidwa imodziimodzi m'sitolo. Zimenezo zimatha kusamutsidwira pa kompyuta ina, bola zichotsedwe kaye pa yoyamba, koma mwini wake ndi bungwe ndithu, ndipo wopereka chilolezo ndi akuluakulu, osati ife. Pali vuto linanso limene sitibisa: malisiti a zina mwa zimenezi sakuoneka, choncho sitingauze munthu mtundu wa laisensi yake tisanafufuze. Mpaka kafukufukuyo atatha, sitikupereka kiyi kwa aliyense, kaya ndi bwana kaya mesenjala. Ndipo ngakhale mutaloledwa, mukhala mukutsegula makalata a pa imelo ndi pulogalamu imene palibenso akuitseka ziboo.

Kodi munatichenjeza musanasinthe?

Inde, uthenga unapita pa imelo kwa onse, wina unamatidwa pabolodi.

Printer yathu yakale ndi pulogalamu ya maakaunti zikukana pa Windows 11. Tingabwerere?

Tikuvomereza kuti makompyuta ena tinawasintha tisanayese zimenezi. Windows imalola kubwerera m'masiku 10 okha, chifukwa ikatero imafufuta yokha foda ya Windows.old imene imasunga zakale. Masikuwo akadutsa, njira ndi kuika Windows 10 mwatsopano, ntchito ya tsiku lathunthu.  Kungoti kompyuta yobwerera ku Windows 10 imafuna chitetezo cholipira: mtengo wa mabungwe unayambira pa madola 61 pa kompyuta imodzi chaka choyamba, kuyambira Okutobala 2025, ndipo mtengowo umawirikiza kawiri chaka chilichonse. Bweretsani pempho lolemba losainidwa ndi mkulu wa dipatimenti yanu.

Bungwe likalephera kulipira Microsoft 365, mafayilo anga apita?

Amene ali pa kompyuta sapita. Word ndi Excel zidzatsegula kuti muwerenge ndi kusindikiza, koma kulemba kapena kusintha kanthu zidzakana. Za pa OneDrive, kosungira mafayilo pa intaneti, zimasungidwa kwa kanthawi kenako n'kufufutidwa, choncho zofunika kwambiri muzikhala nazonso pa kompyuta.