Musanachotse crossover m'masipika anu

Anthu akwathu kuno ku Harare, makamaka amene akusungabe masipika akale a Wharfedale kapena KEF, amandifunsa kawirikawiri ngati n'zoona kuti masipikawo amalira bwino akawasintha kukhala a active, ndiye kuti kuchotsa crossover ya m'bokosi n'kumagawa mawu asanafike ku ampulifaya. Ndimawayankha kuti inde, koma pokhapokha munthu atakonzeka kuyeza mawu. Kungodula mawaya sikokwanira.

M'bokosi la sipika wamba muli woofer ya mawu a besi ndi apakati, ndi tweeter ya mawu opyapyala. Pakati pake pali kabolodi ka makoyilo, makapasita ndi marezisita. Kameneka ndi crossover ya passive, ndipo kamagawa mawu atatuluka kale mu ampulifaya, nthawi zambiri pakati pa 2000 ndi 3000 Hz. Mphamvu ina imangosanduka kutentha m'zigawo zimenezi.

Pa active, mawu amagawidwa asanafike ku ampulifaya, ndi kachipangizo ka digito kokonza mawu kotchedwa DSP, monga miniDSP 2x4 HD kapena Behringer DCX2496. Woofer iliyonse ndi tweeter iliyonse imakhala ndi njira yakeyake ya ampulifaya, choncho masipika awiri amafuna njira zinayi, ndiye kuti maampulifaya awiri a stereo. Phindu lake limamveka ndithu. Ampulifaya imagwira woofer mwachindunji popanda koyilo pakati, ndipo besi ikailemera, kusweka kwa mawuko sikudutsira ku tweeter. Mungathenso kusankha sefa yogawira mawu ya Linkwitz-Riley, imene Siegfried Linkwitz anaifotokoza mu 1976 atagwira ntchito ndi Russ Riley. Ya 24 dB pa okitevu, imene imatsitsa msanga mawu opitirira malo ogawira, ndiyo yofala kwambiri.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kabolodi kakale kaja sikangogawa mawu. Wopanga sipikayo anabisamo zokonza zingapo. Tweeter nthawi zambiri imalira mokweza kuposa woofer, ndiye marezisita amaitsitsa. Besi imamwazikira mbali zonse za bokosi pomwe mawu apakati amalunjika kutsogolo, ndipo kusiyana kumeneku kumatha kufika 6 dB. Koyilo ya woofer inasankhidwa kuti ichepetse mawu apakatiwo. Masipika ena alinso ndi kasefa kothetsa phokoso la woofer pamalo amodzi pomwe imalira mopyoza. Mukazula zonsezi n'kungoika 2500 Hz pa DSP, sipika imene inkamveka yodzaza imayamba kukuwa, besi n'kuchepa. Apa ndiye pamandiwawa, chifukwa munthu amakhala atawononga madola ake n'kumaganiza kuti vuto ndi sipika.

Njira yabwino ndi kuyeza musanagwire chilichonse. Pulogalamu yoyezera mawu ya REW ndi yaulere pa kompyuta, ndipo maikolofoni yoyezera ngati UMIK-1 imalowa pa USB. Yezani sipika ili ndi crossover yake. Kenako tsegulani sipika imodzi yokha, lumikizani woofer ndi tweeter ku mawaya awoawo, muziyeze payokhapayokha motsitsa voliyumu. Cholinga choyamba ndi kubwezeretsa mzere wa muyeso umene REW inakuonetsani poyamba. Mukafika pamenepo ndi pomwe mungayambe kukonza zina, monga kuchedwetsa tweeter pang'ono kuti mawu ake afike ku khutu limodzi ndi a woofer. Sipika inayo isiyeni mmene ilili, ikhale yoyerekezera.

Tsopano za tweeter. Crossover ikachoka, palibenso choiteteza. Kugunda kumodzi koyatsira ampulifaya, kapena kusinthanitsa mawaya a woofer ndi tweeter, kungaiwotche, ndipo tweeter ya sipika ya zaka 40 simungoipeza m'tauni. Kuno ngoziyi ndi yaikulu chifukwa magetsi amazima n'kubwera mosayembekezereka, nyumba zambiri ku Highfield ndi Mufakose zikudumphira pa inveta ya sola. DSP ndi ampulifaya zikayaka nthawi imodzi, kugundako kumapita molunjika ku tweeter. Ikani kapasita ya film motsatana ndi tweeter, pa waya wopita kwa iyo: pa tweeter ya 8 ohm, 22 µF imayamba kudula cha pa 900 Hz, pansi kwambiri pa malo ogawira, moti imatchinga kugundako osasokoneza kwenikweni nyimbo. Zolowerani kuyatsa ampulifaya pomaliza ndi kuizimitsa poyamba, ndipo magetsi akazima thimitsani swichi yake nthawi yomweyo.

Kabolodi kakale musakataye kapena kukadula zigawo. Kajambuleni kasanachoke, lembani waya uliwonse komwe unkapita, ndipo kasungeni pouma. Masipika ambiri akale amagulika bwino ali momwe anatulukira kufakitale, ndipo ngati muyeso wa active sukuposa wakale, kubwezera kabolodiko ndi ntchito ya madzulo amodzi.