Momwe Fielding ndi Richardson anadanirana

Henry Fielding, wolemba mabuku wa ku England, anayamba ndi zisudzo. M'zaka za m'ma 1730 anthu a ku London ankakhamukira kukaonera masewero ake osereula akuluakulu a boma, makamaka nduna yaikulu Robert Walpole. Boma zitalikwana, mu 1737 nyumba ya malamulo inalamula kuti sewero lililonse liziyamba lavomerezedwa ndi Lord Chamberlain, mkulu wina wa kunyumba ya mfumu. Ntchito ya Fielding ya zisudzo inathera pomwepo. Anakaphunzira zamalamulo, nakhala loya mu 1740.

Chaka chomwecho Samuel Richardson, wosindikiza mabuku, anatulutsa Pamela. Nkhani yonse ili m'makalata a mtsikana wantchito wa zaka 15, wodandaulira makolo ake kuti bwana akumukakamiza kugona naye. Amakana, kukanabe, mpaka bwanayo amukwatira. Bukuli linagulidwa ngati zitumbuwa zamoto, m'busa wina mpaka analiyamikira pa guwa.

Fielding anaonamo malonda: khalidwe labwino lomwe malipiro ake ndi mwamuna wachuma. Mu 1741 anatulutsa Shamela osalembapo dzina lake, ndipo mtsikana wa mmenemo ndi tambwali wodziwa bwino chimene akusaka. Anaseka ngakhale kalembedwe kamene. Shamela ali gone pabedi, bwana akulowa pakhomo, iye cholembera chili m'manja akulembabe kalata!

Chaka chotsatira anabwera ndi Joseph Andrews, wonena za mlongo wake wa Pamela, mnyamata wantchito amene akukana dona wake, Lady Booby. Apa mpomwe ine ndimaona kuti chinachake chatsopano chinabadwa. Chipongwe chija chimazilala msanga, Joseph n'kuuyamba ulendo wa pamsewu limodzi ndi m'busa Abraham Adams, munthu wamtima wabwino koma woiwalaiwala, ndipo amakumana ndi achifwamba, eni nyumba za alendo, maloya ndi oweruza. Nkhaniyi sisimbidwa kudzera m'makalata. Wolemba amasimba yekha, kucheza ndi wowerenga, kuweruza anthu ake. Fielding anavomera pachikuto kuti akutsanzira Cervantes, wolemba mabuku wa ku Spain. Njira imeneyi anaikhwimitsa mu Tom Jones mu 1749, nthawi imene anali atakhala woweruza milandu ku Bow Street, mumzinda wa London.

Richardson sanakhululuke. Fielding anamulembera kalata yoyamikira buku lake lina, Clarissa, mu 1748, ndipo mlongo wake Sarah Fielding anali bwenzi la Richardson, koma Richardsonyo ankanyozabe Tom Jones kwa anzake kwinaku akunena kuti sanaliwerenge.